Mawu a M'mawa: Mwana wa Mphepo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo?

Mumzinda wa Ahmedabad, m'chigawo cha Gujarat ku India, pa 14 January anthu sakhala m'nyumba. Kukangocha, mabanja athunthu amakwera pamadenga awo osalala a simenti kukaulutsa makaiti, pa chikondwerero chomwe amachitcha Uttarayan. Ulusi wake amaupaka magalasi osinja kuti uzidula wa anzawo, nchifukwa chake ambiri amakulunga zala ndi tepi. Wina akadula kaiti ya mnzake, denga lonse limafuula kuti "Kai po che!" Mwana wamng'ono ntchito yake ndi kugwira chokulungira ulusi, ataima kumbuyo kwa mkulu wake, khosi lili chagada, maso kumwamba.

Ndiye pamakhala nthawi ina, makamaka dzuwa likafika paliwombo, pamene mphepo imangoti zii. Makaiti amayamba kugwa. Amuna amphamvu amakoka ulusi mpaka mapewa kuwawa, koma ayi ndithu. Mwana uja amaona yekha kuti kaiti anagula, ulusi alinawo, luso la achimwene lilipo, koma chomwe chimanyamula zonsezi sichigulidwa pamsika ndipo palibe amene angachilamule. Amachidikira. Chikabwera amachimva patsaya asanaone kanthu, nkukuwa ndi chimwemwe.

Ine ndimakhulupirira kuti kupembedza kwa ambiri kumayambira pamenepa, mwana asanadziwe pemphero lililonse.

M'banja la Chihindu, chikondi chimenechi sachizimitsa. Agogo amangochipatsa dzina, amati imeneyo ndi Vayu, mulungu wa mphepo. M'buku lakalekale la Rig Veda muli nyimbo yotamanda mphepo, yonena kuti mkokomo wake timaumva koma thupi lake sitiliona. Mwana yemwe watha tsiku lonse padenga safunika kumufotokozera zambiri, zimenezo anazidziwa kale ndi khungu lake.

Kenako amamusimbira za Hanuman, mwana wa Anjana, yemwe amatchedwanso mwana wa mphepo. Ali khanda, Hanuman anaona dzuwa likutuluka lili psuu, nkuliyesa chipatso chakupsa. Anadumpha kuti akalidye. Indra, mfumu ya milungu, anamukantha ndi chida chake cha mphezi, mwanayo nkugwa pansi chibwano chitavulala. Vayu atamva chisoni ndi mkwiyo ananyamula mwana wake, nkuchotsa mpweya padziko lonse. Anthu, nyama, ngakhale milungu yomwe, onse anayamba kubanika. Milunguyo inachita kubwera kudzapepesa, aliyense atanyamula mdalitso wake wopatsa mwanayo, ndipo mpweya unabwerera.

Nkhaniyi imandigwira mtima nthawi zonse. Palibe amene ankathokoza Vayu masiku onse amene ankawapumitsa mwakachetechete. Anamukumbukira tsiku limene anachoka. Nanga ife usiku wathawu, tili mtulo osadziwa kanthu, ndani amalowetsa ndi kutulutsa mpweya m'chifuwa mwathu? Amene anagonapo pambali pa wodwala chifuwa cha mphumu akudziwa kulemera kwa funso limeneli.

Mwana uja akamakula, mphepo yomwe ankaithamangira kunja amayamba kuipeza mkati mwake. Amaphunzira kukhala pansi m'bandakucha, msana uli chilili, kutseka mphuno imodzi ndi chala, kukoka mpweya pang'onopang'ono nkuutulutsira inayo. Imeneyi ndi pranayama. Lachiwiri kapena Loweruka amapita kukachisi, komwe chifanizo cha Hanuman chimapakidwa utoto wofiirira, nkuimba nawo Hanuman Chalisa, mavesi 40 omwe mlakatuli Tulsidas analemba m'zaka za m'ma 1500. Ambiri mwa anansi athu Achihindu ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat komweko, ndipo nyimboyi m'nyumba zambiri ana amaloweza ali aang'ono.

Musaganize kuti kukhala chete choncho nkwapafupi. M'buku loyera la Bhagavad Gita, msilikali wamkulu Arjuna mwiniwake anadandaula kwa mulungu Krishna kuti maganizo ndi osakhazikika, kuwagwira kwake nkovuta ngati kugwira mphepo. Krishna sanamutsutse. Anavomera kuti nzoona, koma anati zimatheka pochita mobwerezabwereza komanso posamamatira zinthu. Yankho limeneli ndimalikonda chifukwa mulibe kunyoza munthu wofooka. Mukakhala pansi kuti mupemphere, maganizo nkuthawira kungongole, kuntchito kapena kumkangano wadzulo, musadziweruze. Bwererani ku mpweya wanu. Akathawanso, bwereraninso.

Koma kupembedza kwa Hanuman sikuthera pamphasa. Chifukwa cha kusamva kwake paubwana, anthu oyera ena anamutemberera kuti adzaiwale mphamvu zake mpaka wina atamukumbutsa. Patapita zaka, gulu lofunafuna Sita, mkazi wa mbuye Rama yemwe anabedwa, linafika m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Chilumba cha Lanka, komwe kunali Sita, chili tsidya, wowoloka palibe. Aliyense ankatchula mtunda womwe angadumphe, onse nkupelewera. Hanuman anangokhala phee pambali. Anali Jambavan, nkhalamba ya m'gululo, amene anapita kwa iye nkumukumbutsa kuti ndi mwana wa yani, ndi zomwe anachita ali khanda. Atamva, anadzuka nkudumpha nyanja.

Mphamvu yake inali yomweyo imene inamudumphitsa kukafuna dzuwa. Paubwana inkangofuna chodya chake. Tsopano inali ndi woitumikira, Rama, ndipo ndi yomweyo imene pambuyo pake inanyamula phiri lonse la mankhwala kuti Lakshmana, mng'ono wake wa Rama, asafe.

Inu makolo, mwana wanu akamathamanga manja ali tambasu nthawi ya mwera, kapena akamanga kaiti ya jumbo ndi timitengo, musafulumire kumukalipira kuti akutaya nthawi. Khalani naye pang'ono, mumufunse chomwe akumva. Ndipo ngati pakhomo panu kapena kuntchito pali wina amene wangokhala phee, ataiwala zomwe angathe, chitani za Jambavan lero lomwe, dzuwa lisanalowe.

Tipemphere. Inu mwana wa mphepo, wochotsa mavuto, tipatseni mphamvu, nzeru ndi mtima wotumikira. Limbitsani odwala amene akupuma movutika m'zipatala m'mawa uno, ndi onse owadikirira. Jai Hanuman.

Tsiku labwino nonse.