Makalata a omvera: ntchito kunja, munthu uyambire pati?

Takulandiraninso amangwetu ku gawo lathu la makalata. Sabata ino zakhala ngati munapangana, pafupifupi onse mwalemba za ntchito kunja, nde ndatolapo atatu. Mayina sinditchula monga munapempha.

Yoyamba ndi ya achimwene amene adakali pa yunivesite, akuti:

"Zikomo a pa wailesi. Ine ndili chaka chachitatu ndikupanga uinjiniya wa zamagetsi. Ndikumaona anzanga amene anamaliza akungokhala, kulikonse akapita akuti tikufuna wa experience ya zaka ziwiri, nde munthu experience yo uitenga kuti poti palibe wokulemba? Ndimafuna nditapeza internship kunja ndisanamalize koma poyambira sindikupadziwa komanso ndalama ndilibe."

Achimwene mwachita bwino kufunsa panopa, chifukwa makomo ena amatseguka kwa munthu amene adakali wophunzira, mukangovala gauni basi atsekeka. Pa za uinjiniya ndi sayansi pali bungwe la IAESTE, linayamba mu 1948 ku London, ntchito yake ndi kutumiza ophunzira ku makampani ndi ma labu a m'maiko ena kwa masabata angapo kapena miyezi, ndipo amene wakulandirayo amakupatsa kandalama koti ulipire pogona ndi kudya, koma tikiti ya ndege nthawi zambiri ndi yako, izi muzidziwiretu. Palinso AIESEC, nalonso la 1948, limatenga achinyamata a zaka 18 mpaka 30, kumeneko kumakhala fizi yolembetsera. Kafunseni ku ofesi yoona za ophunzira pa yunivesite yanu ngati mabungwewa ali ndi nthambi kwanuko.

Ambiri mumalota za United Nations, koma internship ya ku likulu lawo ku New York silipira kalikonse, ndipo mu 2015 dziko lonse linamva za mnyamata wa ku New Zealand amene ankagona mu tenti ku Geneva akugwira internship yosalipidwa. Koma WHO, bungwe la United Nations loona za umoyo, inayamba kupereka ndalama yothandizira ma intern ake mu 2020. Nde musanasangalale ndi dzina la bungwe werengani kaye mzere umene ukunena za ndalama.

Koma chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi ichi, amene akusankha anthu kunjako amayang'ana zimene munachitapo kale komwe muli. Lekichala wanu ngati ali ndi pulojekiti yoika ma sola kapena kukonza mawaya a mu labu, pitani mukamuuze kuti ine ndikuthandizani, olo miyezi itatu ya holide. Mukamaliza musangonena zikomo n'kumapita ayi, pemphani kalata, ya pa pepala la ofesi, yolemba tsiku loyambira ndi lomalizira, zimene manja anu anagwira, dzina la amene ankakuyang'anirani ndi nambala yoti munthu akaimba iyankhidwe. Kalata imeneyo ndi experience imene mukuifunayo. Pa intaneti palinso Online Volunteering ya UN Volunteers, umagwira uli pa kompyuta yako ndipo ukamaliza amakupatsa satifiketi. Ndipo ngati magiredi ali bwino yang'anani ma masters a Erasmus Mundus, pulogalamu ya European Union, umaphunzira m'maiko osachepera awiri, wopata sikolashipu amalandira ma euro 1,400 pamwezi, ndipo makosi ambiri internship imakhala momwemo.

Kalata yachiwiri ndaiwerenga kawiri ndipo mtima unandiwawa. Ndi ya chemwali amene anamaliza digiri zaka ziwiri zapitazo:

"Ndinaona pa Facebook ntchito yosamalira okalamba ku UK, ndinalemba ndipo tsiku lomwelo ejenti anandiyankha pa WhatsApp kuti ndatengedwa. Intavyu sitinachite. Wanditumizira kalata ya ntchito ili ndi chidindo ndipo akuti ndilipire ndalama ya Certificate of Sponsorship pasanathe masiku atatu apo bii malo anga apatsa wina. Imelo yake ndi ya Gmail. Mayi anga akuti akakongola ndalamazo mawa. Ndilipire?"

Chemwali, musalipire, ndipo mayi muwauze usiku uno omwe kuti asapite kokakongolako. Ndikudziwa kuti zaka ziwiri uli pakhomo ndi digiri m'sutikesi zimapweteka, munthu umafika poti aliyense wokuuza kuti watengedwa umamuona ngati mngelo, ndipo anthu amenewa amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amakuthamangitsa ndi masiku atatu kuti usapeze mpata wofunsa munthu wina.

Tiyeni tione kalata yanuyo bwinobwino. Certificate of Sponsorship si pepala logulitsa, ndi nambala imene kampani yokhala ndi chilolezo imapereka kwa munthu amene yamulemba ntchito, ndipo fizi yake amalipira ndi olemba ntchitowo, malamulo a ku UK amaletsa kuti ndalama imeneyo aikankhire kwa wantchito. Chachiwiri, boma la UK linatseka kulemba anthu osamalira okalamba kuchokera kunja mu July 2025, nde ntchito imene akukugulitsaniyo khomo lake ndi lotseka kale. Komanso pa GOV.UK, webusaiti ya boma la UK, pali mndandanda wa makampani onse ololedwa kusiponsa antchito, ndi waulere, aliyense atha kuutsegula pa foni. Fufuzani dzina la kampani ili pa kalatayo. Likapezekamo musakhutire pomwepo chifukwa akuba amabanso mayina enieni, pezani nokha nambala ya kampaniyo pa webusaiti yake, osati imene ejenti wakupatsani, muimbe mufunse ngati akumudziwa munthuyo. Chidindo chisakunyengeni, mwana wa sekondale atha kuchijambula pa kompyuta mphindi khumi.

Ngakhale pangano nambala 181 la mu 1997 la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, limanena kuti ma ejenti a ntchito asamalipiritse munthu wofuna ntchito, ndalama yawo azitenga kwa olemba ntchito. Si maiko onse analisainira, koma likukuonetsani mmene ejenti wachilungamo amagwirira.

Ndipo kuluza ndalama si kumene kumandiopsa kwambiri. Achinyamata ambiri ophunzira bwino, a ku Africa ndi ku Asia, anauzidwa kuti kuli ntchito ya pa kompyuta ku Thailand, atatsika ndege ku Bangkok anawakweza galimoto mpaka kuwaolotsa malire kupita ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, komwe anawatsekera m'mipanda n'kumawakakamiza kubera anthu pa intaneti. Mu February 2025 anthu masauzande anatulutsidwa kumeneko. Nde aliyense akumvera pano amene ali ndi ulendo, kontirakiti muione musanakwere ndege, muiwerenge yonse, kope ya pasipoti ndi adiresi ya komwe mukupita musiyire abale anu, ndipo pasipoti yeniyeniyo isachoke m'manja mwanu olo bwana anene kuti akusungirani.

Yachitatu ndi yaifupi, achimwene ena akuti:

"Mnzanga ali ku Germany akuti ndingopita pa viza yokacheza, ntchito ndikaipezera konko. Ndili ndi digiri ya IT. Zitheka?"

Viza yokacheza silola kugwira ntchito achimwene, ndipo mukapyola masiku ake mwaononga mbiri yanu pa maiko onse a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, kuphatikizapo Germany. Chonsecho njira yoyenera ilipo. Kuyambira June 2024 Germany ili ndi Chancenkarte, imakulolani kukhala mpaka chaka chimodzi mukusaka ntchito, uku mukugwira maola 20 pasabata. Amafuna digiri yovomerezeka, nde yambani ndi kufufuza yunivesite yanu pa anabin, ndi nkhokwe ya boma yoonetsa ngati pepala lanu amalizindikira. Ngati salizindikira mokwanira pali njira ya mapointi, pamafunika 6, ndi Chijeremani cha mlingo woyambira wa A1 kapena Chingerezi cha mlingo wokwererapo wa B2. Amafunanso umboni woti muli ndi ndalama zodzisamalira nthawi yonseyo, apa ndi pamene ambiri amagwera. Zonse zalembedwa pa Make it in Germany, webusaiti ya boma. Chijeremanicho yambani kuphunzira lero, olo a IT amene amagwira ntchito m'Chingerezi chimawathandiza posaka nyumba ndi m'maofesi a boma.

Nthawi yatithera, otsalawa tiwerenga sabata ya mawa. Chemwali a kalata yachiwiri, mukaimba ku kampani ija mundilemberenso mundiuze zimene akuyankhani.