Dokotala amene sankayang'ana nyota

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiwerenge Yakobo 2:1-4, pomwe mtumwi akudzudzula mpingo umene umathamangira kupereka mpando wabwino kwa munthu wovala mphete yagolide, wosauka n'kumuuza kuti aime uko kapena akhale pansi.

Ndimeyi imandikumbutsa Dominique Larrey, dokotala wa opaleshoni wa asilikali a Napoleon, mfumu ya France. Mfumuyo inali ndi dokotala wake wa kunyumba yachifumu, Corvisart, koma Larrey ntchito yake inali kumatope ndi utsi wa mfuti. Masiku amenewo msilikali akavulala ankangogona pomwepo mpaka nkhondo itazizira, ena n'kufa magazi atatha m'thupi thandizo lisanafike. Larrey anakonza ngolo zopepuka zokokedwa ndi akavalo, zothamangira ovulala zipolopolo zikadali kulira. Pa nkhondo ya ku Borodino, ku Russia, mu 1812 akuti anadula miyendo ndi mikono pafupifupi 200 m'maola 24, popanda mankhwala ogonetsa munthu, chifukwa anali asanatulukire.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi lamulo lake. Woyamba kuthandizidwa anali amene bala lake ndi loopsa kwambiri. Kaya ndi mkulu wa asilikali wa nyota zambiri paphewa, kaya msilikali wamba, ngakhale mdani wogwidwa, iye ankayang'ana bala basi. Ife nanga? Munthu akabwera ndi vuto timayamba tafunsa kuti ndi mwana wa yani, amapemphera kuti, kwawo n'kuti. Inenso ndisaname, moni wanga Lamulungu umatalika kwa wobwera pagalimoto, kwa wapansi n'kungogwedeza mutu.

Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Chonsecho Larrey sankadziwa kuti akuika kanthu pamene ankasoka mabala a msilikali wina wa ku Prussia (ufumu wakale wa ku Germany), mkaidi wa nkhondo yemwe anavulala kwambiri. Ankangogwira ntchito yake.

Pa 18 June 1815 asilikali a France anagonja ku Waterloo. Larrey anavulazidwa ndi lupanga, asilikali a Prussia anamugwira, kumulanda zovala, n'kugamula kuti awomberedwe. Atatsala pang'ono kuphedwa, dokotala wina wa mbali ya adaniyo anamuyang'anitsitsa n'kumuzindikira, popeza anaphunzirapo kwa iye. Anamutengera kwa akuluakulu, mpaka anafika pamaso pa Blücher, mtsogoleri wa gulu lonse lankhondo la Prussia.

Msilikali anasokedwa mabala uja anali mwana wa Blücher. Mkuluyo anamasula Larrey, anadya naye patebulo limodzi, anamupatsa ndalama za panjira ndi omuperekeza kuti akafike bwinobwino.