Chipinda cha wophunzira upolisi chizikhala chachikulu bwanji?

[Pa sikirini: pulani ya chipinda chopanda kanthu]

Moni nonse. Lero tikukamba za kukula kwa zipinda zogona ophunzira pa sukulu yophunzitsa apolisi. Ambiri amathamangira kufunsa kuti, "Pafunika masikweya mita angati?" Funso lofunika kuyamba nalo ndi lakuti m'chipindamo muzichitika chiyani. Wophunzira upolisi amagonamo, amawerengeramo malamulo usiku, ndiponso amasungamo katundu wochuluka kuposa wa wophunzira wamba: mayunifolomu, jombo, chipewa, lamba, zovala zochitira masewera olimbitsa thupi, kwinanso ndi chovala choteteza ku zipolopolo.

Tiyeni tiike katunduyo pa pulani, tiwerengere limodzi.

[Pa sikirini: zinthu zikulowa m'chipinda chimodzi ndi chimodzi]

Bedi la munthu mmodzi, masentimita 90 m'lifupi ndi mamita 2 m'litali, likudya masikweya mita 1.8. M'mbali mwake musiye mpata wa masentimita 75 woti munthu adutse ndi kuyala, ndiye mwaonjeza 1.5. Tebulo lowerengera la mita 1.2 ndi masentimita 60 ndi 0.72, koma mpando umafunika kukokedwa, choncho onjezani 0.9. Kabati ya zovala ya mita imodzi ndi masentimita 60 ndi 0.6, ndipo kutsogolo kwake pafunika 0.9 kuti zitseko zake zitseguke munthu ataima pomwepo. Chitseko cholowera chikamatseguka chimasesa pafupifupi 0.64. Zonse pamodzi zikupitirira pang'ono masikweya mita 7. Mipata ina ikhoza kugwira ntchito ziwiri, koma pamenepa sitinaikemo bafa kapena sinki.

Nambala imeneyi tiiyerekeze ndi malamulo enieni. Ku England, kuyambira mu Okutobala 2018, m'nyumba zalendi zokhala anthu ambiri osachokera m'banja limodzi, chipinda cha munthu wamkulu mmodzi sichiyenera kuchepera masikweya mita 6.51, ndipo cha anthu awiri 10.22. Muyezo wa nyumba zatsopano wa 2015 wa dziko lomwelo umati 7.5 kwa munthu mmodzi ndi 11.5 kwa awiri. Awa si malamulo a sukulu za apolisi, ndi malire apansi a malo ogona chabe. Ife tikuona kuti womanga amene watenga 6.51 n'kupatsa wophunzira upolisi wamulakwira, chifukwa jombo ndi mabuku zidzasowa pokhala.

Tsopano pali chinthu chimene chimanyenga anthu ambiri: kaumbidwe ka chipinda.

[Pa sikirini: zipinda ziwiri, chilichonse cha masikweya mita 8]

Choyamba ndi mamita 2 m'lifupi ndi 4 m'litali. Ikani bedi kukhoma lina, tebulo kukhoma linalo moyang'anizana. Pakati patsala masentimita 50 okha. Mpando sungakokedwe, ndipo munthu akudutsa cham'mbali, mawondo akukhula chitsulo cha bedi. Chachiwiri ndi mamita 2.6 ndi 3.1. Katundu yemweyo, koma pakati patsala mita 1.1. Papepala zipindazi n'zofanana, koma chimodzi chokha n'chokhalika. N'chifukwa chake muyezo wa 2015 uja umanenanso kuti chipinda cha munthu mmodzi chisachepere mamita 2.15 m'lifupi. Poyeza, tepi iziyambira pa pulasitala kukafika pa pulasitala, osati pakati pa khoma, ndipo pamene denga latsika kuchepera mita 1.5, lamulo la 2018 lija siliwerengera malowo.

Nanga kumene ophunzira amagona ambiri m'chipinda chimodzi? Apa nkhani yaikulu ndi mpata wa pakati pa mabedi, ndipo ndi nkhani ya moyo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1917, dokotala wa asilikali a ku Britain, J. A. Glover, anapeza kuti mabedi akamathinana, asilikali okhala ndi tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi ankachuluka, ndipo atatalikanitsa mabediwo ankachepa. Chifuwa chachikulu ndi chimfine nazonso zimafala mosavuta anthu akamapumirana mpweya usiku wonse. Malamulo a OSHA, bungwe la boma la America loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito, okhudza malo ogona antchito m'misasa yosakhalitsa amafuna mafiti 50 a sikweya pa munthu aliyense, omwe ndi pafupifupi masikweya mita 4.6. Mabedi atalikirane mainchesi 36, pafupifupi masentimita 91. Akakhala osanjikizana, mpatawo ukhale mainchesi 48, ndipo kusanjikiza atatu n'koletsedwa. Vuto limabwera boma likaonjezera chiwerengero cha olembedwa ntchito koma nyumba zili zomwezo. Oyang'anira amangolowetsa mabedi ena, mpata n'kutha, njira yothawira moto n'kutsekeka. Choncho chiwerengero chovomerezeka cha ogona chilembedwe pachitseko, ndipo chisasinthidwe ndi munthu mmodzi.

Mpweya nawonso ndi gawo la muyezo. Malamulo a OSHA omwewo amati kukula kwa mazenera kusachepere gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi, ndipo theka lake lizitseguka. Koma zenera lokha silingathane ndi yunifolomu yonyowa ndi thukuta kapena mvula. Pakapanda chipinda choyanikira, ophunzira amapachika zovala pachitseko cha kabati ndi pa bedi. Chinyezi chimalowa m'makoma, kuseri kwa kabati kumamera chuku, ndipo jombo zosauma bwino zimabweretsa nyansi za m'mapazi pakati pa zala. Chipinda choyanikira chimodzi pa nyumba iliyonse chimapulumutsa zipinda zonse.

Kabati ikhale yokhoma ndi loko, yakuya masentimita 60 kuti jekete lipachikike osapindika mapewa, ndipo pansi pake pakhale shelefu ya jombo yopita mphepo. Mfuti sizisungidwa m'chipinda chogona, zili ndi nyumba yake yotetezedwa.

Musaiwalenso zipinda zingapo zapansi zoti mutha kulowa njinga ya olumala, popeza pasukulu pamabweranso ogwira ntchito za muofesi ndi apolisi amene anavulala. Njingayo imafuna bwalo la mita 1.5 kuti itembenuke, ndipo bwalolo liyezedwe bedi, tebulo ndi kabati zili kale m'malo mwake.