Mawu a M'mawa: Yosefe Ananyamuka Usiku

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Tiwerenge Mateyu 2:13-18.

Mngelo atauza Yosefe m'maloto kuti atenge mwana ndi amayi ake athawire ku Aigupto, Yosefe sanadikire kuti kuche. Ananyamuka usiku womwewo. Ndime imeneyi timakonda kuiwerenga pa Khirisimasi tili okhuta, osadzifunsa kuti mmisiri wa matabwa uja ankadyetsa chiyani banja lake kuchilendo, kopanda wachibale ngakhale munda. Kumbuyo ku Betelehemu anasiya amayi akulira ana awo amene Herode anapha.

Anthu a ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza saimva nkhaniyi ngati nthano. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anawoloka malire kuthawira kuno. Funsani akuluakulu mmene ankafikira: mayi mwana kumsana, mphika kumutu, osadziwa ngati mwamuna wake ali moyo. Mfuti zikalira usiku, munthu sawerenga ana. Amangogwira dzanja lomwe lili pafupi. Anyamata ena anagwidwa n'kupatsidwa mfuti. Ndipo mtendere utabwera, ambiri obwerera anakapeza minda yawo muli mabomba okwiriridwa pansi.

Lero nkhaniyi ili ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo m'boma la Dowa. Msasawu unatsegulidwa mu 1994, ndipo muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi bambo amene kwawo anali mphunzitsi kapena telala, koma pano amangodikira thandizo chifukwa malamulo samulola kukafuna ntchito kunja kwa msasa. Ana ake amamuona atangokhala m'mawa mpaka madzulo. Manyazi oterowo amalowa m'nyumba, amabala mkwiyo, ndipo mabanja ena amene anapulumuka zipolopolo amadzasweka ali kale pamtendere. Alipo amene anabadwira mumsasamo, pano nawonso akulera ana awo momwemo.

Mulungu akanatha kubisa Mwana wake m'nyumba yachifumu, koma analola kuti anyamulidwe usiku, wothawa kwawo. Nchifukwa chake ndimachita mantha ndikamva Mkhristu akunyoza othawa nkhondo pamsika kapena m'minibasi. Levitiko 19:34 akutilamula kukonda mlendo monga tidzikondera tokha.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, kumbukirani amayi amene sadziwa kumene ana awo ali. Limbitsani mitima ya abambo a ku Dzaleka, ndipo muwatsegulire njira yodyetsera mabanja awo ndi manja awo. Letsani nkhondo kum'mawa kwa Congo, ku Sudan ndi ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique. Amene anabalalika, muwakumanitsenso. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu. Amen.