Kambale ka Elvis ka paundi imodzi

Moni nonse, kaya muli ku Zomba, ku Joni kapena kuno ku UK. Ndikujambulira m'kachipinda kanga ku Leeds, ndangoweruka ya usiku, ndiye mawu akamveka olema mundikhululukire.

Loweruka ndinalowa mu shopu ya kaunjika wa azungu kukasaka jekete, poti chisanu chayamba kuluma. Jekete sindinalipeze. Ndinatuluka ndi kambale ka galamafoni, kaja kakang'ono ka nyimbo imodzi mbali iliyonse: "Crying in the Chapel" ya Elvis Presley. Paundi imodzi. Galamafoniyo ndilibe, musandifunse.

Ine Elvis ndinkamudziwa ngati mnyamata wa rockabilly wogwedeza miyendo uja, amene anayambira ku Sun Records ku Memphis mu 1954. Za Mulungu kwathu tinkasiyira Jim Reeves, amene bambo anga ankamumvera pa wailesi akupolisha nsapato za kutchalitchi. Komatu nyimboyi ndi ya za Mulungu, ndipo inalipo kale Elvis asanaiimbe. Anailemba Artie Glenn, ndipo mwana wake Darrell ndiye anayamba kuiimba mu 1953, mwa country. Elvis anaijambula ku Nashville mu Okutobala 1960, a Jordanaires akumupolokozera, koma inakhala m'kabati mpaka kampani yojambula nyimbo ya RCA inaitulutsa nyengo ya Pasaka mu 1965. Kuno inafika pa nambala 1.

Kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito kuli galamafoni pabalaza. Kulinso agogo ena a matenda oiwala, amene chaka chonse ndawasambitsa ndi kuwadyetsa phala osandiyankha kanthu. Ngakhale mwana wawo akabwera amangomuyang'ana ngati mlendo.

Lolemba madzulo ndinaika kambale kaja. Singano inayamba ndi kuthetheka, ngati usipa m'mafuta, kenako mawu aja apansipansi, osathamanga. Agogo anasiya kutola ulusi wa bulangete lawo. Milomo inayamba kuyenda, ndipo anaimba yonse, osaphonya liwu. Ine supuni ili m'manja, phala likuzizira, misozi ili chuchuchu, pomwe nyimboyo si ya kwathu n'komwe.

Itatha anandigwira dzanja nati ndiibwereze. Tinaibwereza kanayi, mpaka mnzanga wa ku Zimbabwe anasuzumira kufunsa ngati tatsegula mpingo.

Kambaleko ndakasiya komweko, pamwamba pa galamafoni. Jekete ndikasakanso Loweruka likubwerali, ndipo amene mukudziwa kotchipa kuno ku Leeds, nditumizireni uthenga.