Wa zaumoyo akagogoda, tsegulani chitseko

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko sendererani kuno, mvula ya Mzuzu siichenjeza.

Nonse mwamva zomwe zachitika sabata yathayi kumunsi kwa dambo kuja. Mwana anayamba kutsekula m'mimba usiku, pofika m'mawa maso alowa m'kati. Tithokoze Mulungu kuti wachira. Koma chimene chandiimika pano ndi china. Alangizi a zaumoyo atabwera ndi klorini kudzathira m'zitsime, ena mwa ife tinawatsekera zitseko, anyamata ena mpaka kutola miyala. Zimenezo zandipweteka mtima. Wa zaumoyo akagogoda, tsegulani chitseko.

Kodi taiwala kale? Pa 2 Epulo 2020 boma linalengeza kuti Covid-19 yalowa m'dziko muno. Sukulu zinali zitatsekedwa kale mu Malichi. Mu Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo apa ndi pomwe ambirife tinasiya kunena kuti ndi matenda a azungu. Ife tinkabisala m'nyumba. Amene ankapita kukakumana ndi matendawo maso ndi maso anali anamwino, madokotala, otsuka m'mawodi ndi oyendetsa ambulansi.

Ine ndinkakhala moyandikana ndi namwino wina ku Chibavi. Ankafika usiku, m'nyengo yozizira ija ya Juni, osalowa m'nyumba. Ankayamba wavula yunifolomu kubafa ya panja, kuiviika m'beseni, kusamba madzi ozizira, kenako n'kumukumbatira mwana wake amene ankalira pakhomo. Pamphuno pake panali chilonda cha masiki. Tsiku lina kondakitala anamukaniza kukwera minibasi ataona yunifolomu, akuti atipatsira korona. Anayenda wapansi mpaka kuntchito, kukasamalira abale a anthu omwewo amene anamukana.

Ee, bambo, ndakumvani. Akuti, "Tiwathokozerenji, si amalandira malipiro ndi ma alawansi?" Funso labwino, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mumalankhula zimenezi m'misika. Inde amalandira. Inunso mukamanga nyumba ya munthu amakulipirani, koma akakuuzani kuti mwagwira bwino ntchito, simukondwa kodi? Tsono taganizani, ndi ndalama zingati zimene mungalandire kuti mupukute masanzi a munthu wa kolera amene simukumudziwa, usiku wonse, kunyumba mutasiya khanda? Ndikudziwanso kuti ena munakalipiridwapo kuchipatala, ena munadikira pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Inenso zinandichitikira, ndipo ndinabwerako nditakwiya. Zoterozo kadandauleni ku komiti ya zaumoyo, ndi chifukwa chake tilipo. Koma mlangizi amene wabwera ndi klorini pakhomo panu sanakulakwireni. Iyeyo akagogoda, bambo, tsegulani chitseko.

Paja ifenso tinagwirana manja nthawi imeneyo. Matelala a mumsika anasoka mamasiki a chitenje. Pakhomo pa tchalitchi ndi pa mzikiti panali ndowa ya mpopi ndi sopo. Amayi a m'mabanki a m'mudzi ankasonkherana ufa kupatsa mabanja amene anatsekeredwa m'nyumba. Katemera atafika mu Malichi 2021, panali mphekesera zambiri, koma agogo ena ndi amene anayamba kupinda malaya. Nanga ndowa zija zili kuti lero? Ena mukuviikamo chimanga cha mphale! Kolera amene anayamba mu 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo anzathu a ku Nkhata Bay, pafupi pomwepa, anaikadi maliro. Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa, chifukwa madzi amathera m'thupi.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana kumwamba, ndifulumire. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini, ngakhale aoneke oyera. Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, komanso musanadye. Chimbudzi chikhale chovundikira. Munthu akayamba kutsekula, mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati mulibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa muli pa ulendo wa ku chipatala cha Mapale kapena cha Central. Osadikira kuti kuche.

Alangizi aja abweranso Lachinayi m'mawa. Zigubu zikhale zotsuka, agalu muwamange, ndipo wina awapatseko mpando ndi moni. Anyamata a miyala aja, a mfumu akufuna kuonana nanu tikangomwazikana pano.