Chilembo chimodzi chingakudyereni ndalama: kalembedwe ka Chinyanja pa foni

(Pa sikirini: uthenga wa WhatsApp wotsatsa mbatatesi)

Moni abale athu a ku Ulónguè, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Zóbuè. Ambiri mumafunsa ngati kulakwitsa kalembedwe pa WhatsApp kapena pa Facebook kuli ndi vuto. Zolakwitsa zina zilibe kanthu, koma zina zimayambanitsa anthu. Tiyeni tizisiyanitse.

Kuno ku Tete chiyankhulo chimodzi timachilemba m'njira zitatu. Amene amawerenga mabuku a ku Malawi amalemba "chimanga", motsatira malamulo a Chichewa Board a 1973. Mabuku a Chinyanja a m'sukulu za ku Mozambique amalemba "cimanga", potsatira kalembedwe komwe akatswiri anayamba kugwirizana pa msonkhano wa ku Maputo mu 1988. Ndipo chigawo chathu chinali m'gulu loyamba kuphunzitsa ana m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi, kudzera mu ntchito ya PEBIMO yomwe inayamba mu 1993. Njira yachitatu ndi ya amene anaphunzira kulemba m'Chipwitikizi mokha: amalemba "nhama" m'malo mwa "nyama", "muana" m'malo mwa "mwana". Onsewa timawamva bwinobwino. Musamunyoze munthu pagulu chifukwa cha "c" kapena "nh". Mukatero amasiya kulemba chiyankhulo chake, ndipo zimenezo zimatipweteka mtima. Chomwe tikupempha n'chakuti musankhe njira imodzi, muitsatire mu uthenga wonse.

(Pa sikirini: ndatumiza / nditumiza)

Tsopano poopsa ndi apa. Onani mawu awiriwa. "Ndatumiza" ndiye kuti ndalama yachoka kale pa M-Pesa kapena e-Mola. "Nditumiza" ndiye kuti ikadali m'manja mwanu. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, koma wogulitsa akawerenga "ndatumiza" amakweza matumba pa galimoto. Chimodzimodzi "abwera" ndi "sabwera". Mu Chinyanja nthawi ndi kukana zimakhala m'timawu tating'ono ta kumayambiriro kwa mneni, ndiye pamenepo ndi poyenera kuwerenga kawiri musanatumize. Pa nkhani ya ndalama onjezerani liwu lothandiza: "ndatumiza kale" kapena "nditumiza mawa".

Chilembo cha h nacho musachitaye. Chipwitikizi chilibe kutulutsa mpweya komwe timachita pa ph, th ndi kh, n'chifukwa chake ambiri amachisiya. Koma "phala" si "pala", "khola" si "kola". Ikani dzanja pakamwa, nenani mawuwo: mukamva mpweya ukugunda dzanja, lembani h.

Pali mawu ena omwe kalembedwe sikangawasiyanitse, chifukwa kukweza ndi kutsitsa liwu sitikulemba. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi. Choncho "mtengo wagwa" paokha sakwanira. Lembani "mtengo wa nyemba watsika".

(Pa sikirini: 1.500 / 1,500)

Manambala ndiwo amasokoneza kwambiri malonda a m'malire. M'Chipwitikizi kadontho kamalekanitsa masauzande, kotero 1.500 ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Ku Malawi nambala yomweyo amailemba 1,500, ndipo kadontho kwa iwo kamasonyeza tambala. Wogula wa ku Dedza kapena Ntcheu akhoza kumva zina. Lembani 1500 popanda chizindikiro chilichonse, kenako tchulani ndalama yake, meticais kapena kwacha, ndi muyeso wake: thumba la makilogalamu 50, ndowa, kapena mulu. Dzina la munthu wolandira ndalama likopereni monga lilili pa chiphaso chake cha unzika (BI), ngakhale litalembedwa Chipwitikizi, osaliwongola.

Za ulemu sitichulutsa: pagulu la mudzi kapena la mpingo muli akuluakulu, ndiye "mwamva" osati "wamva", "inu" osati "iwe".

Chomaliza ndi foni yeniyeniyo. Ngati kiyibodi yanu ili m'Chipwitikizi, imasintha mawu a Chinyanja mwa iyo yokha n'kuika achilendo. Lowani m'makonzedwe a kiyibodi, pezani pomwe palembedwa Correção automática, muzimitse. Kenako lembani "ndatumiza kale", muone ngati mawuwo akhala momwe mwawalembera.